Mpezeni: mfumu imene inazengereza kuweruza

Ife a kuno kwa Sandwe timakumbukira Angoni ngati anthu a mikondo, koma Inkosi Mpezeni woyamba, mwana wa Zwangendaba, anali munthu woganiza nthawi yaitali asanacite kanthu. Anawoloka Zambezi ali mwana mu 1835. Atakula anakhazika anthu ace pakati pa Ansenga, ndipo Angoni anakwatira ana athu mpaka cinenero cao cinasanduka Cinsenga.

Mlandu waukulu pa moyo wace unali wa azungu. Mu 1891 anapatsa Carl Wiese, Mjeremani wamalonda, cilolezo ca malo, osadziwa kuti pepalalo lidzafika m'manja mwa kampani ya North Charterland yofuna golide. Njira yace inali kumva maganizo a nduna, kucedwetsa yankho, ndi kusunga ubale mbali zonse. Ena amati kunali kuopa. Ife sititero. Nkhalamba ija inadziwa mphamvu ya mfuti, ndipo ngakhale Ignasio Woyera anaphunzitsa kuti munthu asasinthe zimene anatsimikiza mtima ukadali wosokonezeka.

Koma kudikira kuli ndi mtengo wace. Anyamata a mikondo anatopa, natsata mwana wace Nsingo, ndipo ciweruzo cinacoka m'manja mwa atate. Nkhondo ya mu Januwale 1898 inatha m'masiku ocepa. Nsingo anaomberedwa mu Febuluwale, ng'ombe zambiri zinalandidwa, Nc'wala inaleka mpaka 1980. Mpezeni anasungidwa ku Fort Manning, nabwerera kwao, namwalira mu 1900.