Frederick Douglass, Kapolo Amene Analemba Mbiri ya Moyo Wace

Frederick Douglass anabadwa m'ukapolo m'caka ca 1818, ku Talbot County m'cigawo ca Maryland, m'dziko la America. Amace, Harriet Bailey, analekana nao ali khanda, ndipo analeredwa ndi agogo ace. Tsiku la kubadwa kwace sanalidziwe kufikira imfa yace, pakuti eni akapolo sanali kuuza akapolo ao zinthu zotere.

Ali wa zaka ngati 8 anatumizidwa ku Baltimore kukatumikira m'nyumba ya Hugh Auld. Mkazi wa Auld, dzina lace Sophia, anayamba kumphunzitsa zilembo. Koma mwamuna wace atamva analetsa ndithu, poona kuti kapolo wodziwa kuwerenga sakhazikanso mtima pansi m'ukapolo. Mnyamatayo anamva cifukwaco ndi makutu ace, ndipo kuyambira tsiku lomwelo anazindikira kumene kunali njira ya ufulu.

Tsono sukulu yace inasanduka msewu. Potumidwa ananyamula mkate, naupatsa ana a azungu osauka kuti amphunzitse kuwerenga. Kulemba anakuphunzira kumalo opangira zombo, poyang'anitsitsa zilembo zimene amisiri analemba pa matabwa kusonyeza mbali ya combo imene thabwa lililonse lidzaikidwe. Anazilemba ndi coko pa mipanda ndi pa makoma. Ndipo eni nyumba akacoka, anatsanzira malembedwe m'makope akale a mwana wa mbuye wace. Atabwezedwa ku minda, anayambitsa sukulu ya tsiku la Sabata mobisa, naphunzitsa akapolo anzace oposa 40.

Pa 3 September 1838 anathawa atavala zovala za amalinyero, nafika ku New York. Kuyambira 1841 anayenda m'misonkhano kulankhula motsutsa ukapolo. Koma pakuti analankhula mwaluso, ambiri anakaika kuti munthu wotere anakhalapo kapolo. Cotero m'caka ca 1845 anasindikiza buku lace loyamba, Narrative of the Life of Frederick Douglass, m'mene anachula maina a ambuye ace, minda ndi malo, kuti wokaika aliyense akafufuze yekha.

Kuteroko kunali kuika moyo wace pa ciswe, cifukwa mwa lamulo anali akali cuma ca munthu wina, ndipo bukulo linamuulula. Anaolokera ku Ireland ndi ku Britain, kumene abwenzi anasonkha £150 namuombola m'caka ca 1846. Atabwerera kwao mu 1847, anayambitsa nyuzipepala yace, The North Star, ku Rochester.

Mbiri yace anailembanso kawiri: My Bondage and My Freedom mu 1855, ndi Life and Times of Frederick Douglass mu 1881. M'buku loyamba lija anabisa dala njira imene anathawira, kuti asapereke om'thandiza kapena kutsekereza ena obwera pambuyo. Anaiulula m'buku lomaliza, ukapolo utatha kale mu 1865. Anamwalira pa 20 February 1895 ku Washington.

Mphunzitsi wofuna kuti ana alembe mbiri za moyo wao apeza zinthu ziwiri m'moyo wa munthu uyu. Coyamba, mbiri imakhulupirika ndi maina ndi malo: mudzi, mtsinje, dzina la agogo, caka ca njala kapena ca kusamuka. Mwana wosadziwa tsiku la kubadwa kwace asacite manyazi. Alembe cimene akudziwa, nakafunse akulu cotsalaco. Caciwiri, wolemba ali ndi ufulu wa kusunga cinsinsi cimene cingapweteke mnzace, ndipo mphunzitsi asamkakamize kuciulula. Mwana wophunzira ziwirizi adzawerenganso mbiri za ena mwanzeru, nafunsa cimene wolemba ananena, cimene anasiya, ndi cifukwa cace.