William Hoy: Katswiri Wosamva wa Maseŵera a Baseball

Ku America kuli maseŵera otchedwa baseball, m'mene munthu amamenya kampira ndi chibonga nathamanga kuzungulira malo anayi oikika m'bwalo. Mwa akatswiri oyamba a maseŵeraŵa mudali William Ellsworth Hoy, munthu amene sadamvepo kufuula kwa khamu lomuchemerera.

Hoy adabadwa pa 23 May 1862 m'mudzi wa Houcktown, m'chigawo cha Ohio. Ali ndi zaka zitatu adadwala matenda oumitsa khosi, ndipo ngakhale adachira, makutu ake adagontha. Adaphunzira pa sukulu ya ana osamva mumzinda wa Columbus, natsiriza ali patsogolo pa anzake onse. Komabe m'masiku amenewo munthu wosamva sankayembekezeredwa kuchita zazikulu, kotero kuti Hoy adayamba ntchito yosoka nsapato, mpira nkumangoseŵera pa nthaŵi yopuma.

Luso silibisika. Mu 1886 timu ya ku Oshkosh idamulemba ntchito, ndipo mu 1888 adaloŵa mu ligi yaikulu ndi timu ya Washington. Adali wamfupi koma waliŵiro loopsa. Chaka choyambacho adaba malo ka 82, ndiko kuthamangira pa malo otsatira adani asanatcheru, ndipo palibe adamuposa mu ligiyo. Pa 19 June 1889 adatulutsa adani atatu m'maseŵera amodzi poponya mpira kuchokera kutali kwa bwalo.

Vuto lake lalikulu lidali lakuti woweruza ankalengeza chigamulo ndi pakamwa. Choncho mnzake wina ankamuuza ndi manja zimene zagamulidwa, ndipo anzake ambiri adaphunzira kulankhula naye ndi zala. Adampatsa dzina loti Dummy, limene lero ndi lonyoza, koma iye mwini adalilandira.

Pa 16 May 1902, akuseŵerera Cincinnati Reds, adakumana ndi Luther Taylor, woponya mpira wa New York Giants, amenenso adali wosamva. Pamene ankasiya ligi yaikulu chaka chomwecho, adali atamenya bwino mpira koposa ka 2,000.

Mu October 1961 nkhalambayi, ili ndi zaka 99, idaitanidwa kuponya mpira woyamba pa maseŵera a World Series ku Cincinnati. Idamwalira pa 15 December chaka chomwecho. Mu 2003 timu ya Reds idaika dzina lake pakati pa ngwazi zake, patapita zaka zoposa 100 chisiyireni kuiseŵerera.