Alick Nkhata, Woimba wa pa Wailesi

Mu mzinda wa Lusaka muli mseu waukulu wochedwa Alick Nkhata Road. Nyumba ya wailesi ya ZNBC ili m'mbali mwa mseu umenewo. Kodi mudziwa mwini wake wa dzina limeneli? Tiyeni timve mbiri yao.

A Alick Nkhata anabadwira ku Kasama m'caka ca 1922. Nthawi imeneyo dziko lathu linali kuchedwa Northern Rhodesia, ndipo linali kulamulidwa ndi Angelezi. Kumidzi kunalibe wailesi. Munthu akafuna kumva nyimbo, anali kupita kumene kulira ng'oma, kapena kumvetsera amai akuimba pamtondo.

Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse inayamba mu 1939 ndi kutha mu 1945. Anyamata ambiri a kuno analembedwa usilikali. A Nkhata naonso anapita, mpaka anakafika ku Burma, dziko la kutali kutsidya la nyanja. Anabwerako amoyo.

Nkhondo itatha, anagwira nchito ndi mzungu wina dzina lake Hugh Tracey. Mzungu ameneyu anali kuyenda m'maiko ambiri a mu Africa ndi makina ojambulira mau. Akafika pamudzi, anali kupempha anthu kuti aimbe, iye nkujambula. Nchito imeneyi inali yofunika kwambiri. Nyimbo za makolo sizinalembedwe m'mabuku. Zinali m'mitima ndi pakamwa pa okalamba. Nkhalamba ikamwalira isanaphunzitse mwana, nyimbo yake inali kupita nayo kumanda. Apa a Nkhata anaphunzira kumvetsera bwino ndi kusunga nyimbo za anthu.

Pambuyo pake anayamba nchito ku wailesi ya mu Lusaka, yochedwa Central African Broadcasting Service. Wailesi imeneyi inali kumveka kuno kwathu, ku Nyasaland, komwe lero ndi Malawi, ndi ku Southern Rhodesia, komwe lero ndi Zimbabwe. Inali kulankhula m'Cinyanja, m'Cibemba, m'Citonga, m'Cilozi ndi m'zilankhulo zina.

Mu 1949 kunabwera kawailesi kochipa koyendera batire. Kanali kozungulira monga poto, motero anthu anakacha Saucepan Special. Munthu mmodzi akagula, anansi anali kusonkhana pakhomo pake madzulo. Ana pansi, akulu pamipando, onse cete! Motero mau a Nkhata analowa m'makomboni a ku migodi ndi m'midzi yakutali, ngakhale kuno kum'mawa.

A Nkhata anali muulutsi, komanso anali katswiri woliza gitala. Gitala ndi coimbira cocokera kunja, koma iwo anaiphunzitsa kulankhula cakwathu. Anali kutenga nyimbo ya kumudzi, kuikonza bwino, ndi kuiimba pamodzi ndi anzao. Anaimba m'Cibemba ndi m'Cinyanja. Gulu lao linachuka ndi dzina lakuti Lusaka Radio Band, ndipo pambuyo pake linachedwa Big Gold Six. Nyimbo yao ina yodziwika ndi Shalapo. Liu limeneli ndi la Cibemba, ndipo litanthauza kuti tsala bwino.

Nanga n'cifukwa ciani anthu anawakonda motero? Masiku amenewo amuna ambiri anali kucoka kumudzi kupita kutauni kukafuna nchito. Ena anasiya akazi ndi ana. Ena anaiwala makolo ao. Ena ndalama zinali kuthera m'mowa ndi m'zovala. A Nkhata anaimba za zinthu zimenezi. Nyimbo zina zinali za cikondi, zina zoseketsa, zina zolangiza. Munthu anali kuseka poyamba, kenaka nkuzindikira kuti nyimboyo inena iye amene.

Dziko la Zambia linalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964. A Nkhata anapitiriza nchito yao, ndipo anakhala mmodzi wa akuluakulu oyang'anira wailesi ya dziko latsopano. Atapuma pa nchito, anapita kukakhala pa famu yao ku Mkushi.

Koma kumwera kwathu kunali nkhondo. Anthu a ku Zimbabwe anali kumenyera ufulu wao, ndipo ena a iwo anali ndi misasa muno m'Zambia. Msasa wina unali pafupi ndi Mkushi. Mu Okutobala 1978 asilikali a Rhodesia analowa m'dziko lathu ndi ndeke ndi mfuti, naukira msasawo. Anthu ambiri anafa. A Nkhata naonso anaphedwa pa nkhondo imeneyo, ngakhale kuti sanali kumenya nao. Dziko lonse linalira.

Woimbayo anapita, koma mau ake sanakwiriridwe naye pamodzi, cifukwa anajambulidwa. Mpaka lero nyimbo zao zimveka.

Kuno ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi tili ndi nyimbo zambiri. Zina timazimva pa Kulamba ku Mkaika. Zina ndi za cimtali, za pamtondo ndi zotonthoza mwana. Zambiri mwa izo adziwa ndi agogo okha. Pitani kwa agogo anu madzulo ano. Apempheni mwaulemu kuti akuimbireni nyimbo imodzi yakale. Muiloweze pamtima, ndipo muilembe m'buku lanu.

Mafunso

1. Kodi a Alick Nkhata anabadwira kuti, ndipo m'caka citi?
2. N'cifukwa ciani kunali kofunika kujambula nyimbo za okalamba?
3. Kodi kawailesi ka Saucepan Special kanali kooneka bwanji?
4. Chulani zinthu ziwiri zimene a Nkhata anaimba m'nyimbo zao.
5. Lembani dzina la nyimbo yakale imene agogo anu akuphunzitsani.