Thomas More Woyera: Bambo Amene Anasandutsa Nyumba Yake Sukulu

Thomas More amadziwika ngati nduna yaikulu ya ku England imene inadulidwa mutu pa 6 July 1535 itakana kulumbira kuti Mfumu Henry VIII ndiye mutu wa Mpingo. Za ubambo wake sizikambidwa kawirikawiri.

Anabadwira ku London mu 1478. Masiku amenewo atsikana ambiri sankaphunzitsidwa zozama, koma iye ankaona kuti maphunziro a ana ndi udindo wa kholo. Anaitana aphunzitsi kunyumba kwake, ndipo Margaret, Elizabeth ndi Cecily ankaphunzira zofanana ndi mlongo wawo John: Chilatini, Chigiriki, masamu, za nyenyezi ndi Malembo Oyera. Akachokapo pa ntchito za boma, anawo ankamulembera makalata m'Chilatini. Chimene ankaopa kwambiri n'chakuti nzeruzo zingawachititse kudzikuza.

Margaret ndiye anapambana onse. Akadali mtsikana anamasulira m'Chingerezi buku la Erasmus lofotokoza pemphero la Atate Athu. Bambo ake ali m'ndende ku Tower of London, anapita kukawachonderera kuti angolumbira apulumuke, koma anakana. Ataphedwa, Margaret yemweyo ndiye anakatenga mutu wawo, umene unapachikidwa pa London Bridge, naukasunga.

Papa Pius XI anamulengeza woyera mu 1935. Mpingo umamukumbukira pa 22 June.