Alcuin wa ku York: Dikoni Amene Anaphunzitsa Mfumu

Alcuin anabadwa cha m'ma 735 kumpoto kwa England. Masiku amenewo sukulu zinali m'manja mwa Mpingo: ana ankaphunzira pafupi ndi nyumba ya episkopi kapena kwa amonke. Nayenso anakulira pa sukulu ya episkopi wa ku York, ndipo atakula anakhala mkulu wa sukuluyo. Analandira udikoni, nakhala dikoni moyo wake wonse.

Mu 781, akuchokera ku Roma, anakumana ndi Mfumu Charlemagne mumzinda wa Parma. Mfumuyi, imene inkalamulira mbali yaikulu ya Ulaya, inamupempha kuti akaphunzitse kunyumba yachifumu. Kumeneko ophunzira ake anali ana a mfumu, anyamata okonzekera unsembe, ndi mfumu yomwe. Mu 789 Charlemagne analamula kuti kwa amonke ndi kwa maepiskopi kukhale sukulu zophunzitsa ana masalimo, kuimba, kuwerengera masiku a zikondwerero za Mpingo ndi galamala ya Chilatini. Alcuin anali mmodzi wa alangizi a mfumu pa ntchitoyi.

Koma panali chinthu chimene sanagwirizane nacho. Charlemagne atagonjetsa mtundu wa Asaxon, anaika lamulo loti wokana ubatizo aphedwe, ndiponso anawakakamiza kupereka chakhumi. Anthuwo ankabatizidwa chifukwa cha mantha, kenako n'kuukira. Mu 796 Alcuin analembera mfumu ndi akuluakulu ena, kuwakumbutsa kuti munthu angathe kukankhiridwa ku ubatizo, koma osati ku chikhulupiriro. Aziyamba waphunzitsidwa, kenako abatizidwe, ndipo za chakhumi zibwere pambuyo. Chaka chotsatira malamulo a kwa Asaxon anafewetsedwa.

Zaka zake zomaliza anatsogolera amonke a Martino Woyera ku Tours, m'dziko la France, komwe anakonza zolakwika zimene okopera pamanja analowetsa m'Baibulo la Chilatini. Anamwalira pa 19 May 804, tsiku la Pentekoste.

Dayosizi ya Karonga, imene inakhazikitsidwa mu 2010, ikadali yaing'ono, ndipo ambiri akubwera kudzapempha masakramenti. Makolo ena amaona ngati makalasi a katekisimu akuchedwetsa mwana. Moyo wa Alcuin ukuyankha kuti miyezi yophunzira ija ndiyo imazika chikhulupiriro mizu. Choncho makolo ndi miphakati aonetsetse kuti ana ndi akatekumeni sakujomba, ndipo alimbikitse aphunzitsi awo.