Mkulu amene dzina lake linatsalira pa mkunguza

Anzanga, m'nyumba mwathu muli bokosi lakale limene anasiya agogo anga aamuna. Ndi lathabwa, lopanda penti, koma ukangolitsegula fungo lake limadzaza chipinda chonse. Amayi amasungamo zitenje zawo zopitira ku tchalitchi ndi makadi athu a kusikelo, chifukwa chiswe ndi njenjete sizifikamo. Thabwa limenelo ndi la mkunguza, mtengo umene ambiri timangoti sida.

Teremu yatha, pa phunziro la Bayoloje, aphunzitsi analemba pa bolodi dzina la sayansi la mtengowu, Widdringtonia whytei, n'kutiuza kuti mawu achiwiriwo ndi dzina la munthu. Ine zinandikhala pamtima. Mtengo wa m'phiri lathu lomweli, umene mwachilengedwe sumera kwina kulikonse pa dziko lapansi, dzina n'kukhala la mzungu? Ndiye ndinayamba kufunsafunsa za munthuyo, ndipo zimene ndinapeza ndi izi.

Dzina lake anali Alexander Whyte. Anabadwa m'chaka cha 1834 ku Fettercairn, mudzi wina wa ku Scotland. Atakula anachoka kwawo n'kukakhala zaka zambiri pa chilumba cha Ceylon, chimene lero timachitcha Sri Lanka. Kumeneko ndi kumene anazolowera mbewu za m'maiko otentha, komanso ntchito yotolera zomera ndi mbalame n'kuzisunga bwino kuti akatswiri azifufuze.

M'chaka cha 1891 dziko lathu linalowa m'manja mwa Angerezi, ndipo Harry Johnston, amene anatumidwa kudzalilamulira, anabwera ndi Whyte kuti akhale mkulu woona za sayansi. Tawerengani nokha: 1891 kuchotsa 1834. Zaka 57! Kwathu kuno munthu wa msinkhu umenewo amakhala pakhonde kuluka mkeka, adzukulu akumutungira madzi. Koma mkuluyu m'pamene ankayamba ntchito m'dziko lachilendo la malungo. Anakhazikika ku Zomba, kumene anayambitsa munda woyeserako mbewu ndi mitengo yosiyanasiyana, ndipo munda wa zomera wa ku Zomba ulipobe mpaka lero.

Chakumapeto kwa chaka chomwecho anakwera phiri la Mulanje. Tisaganize za phiri la masiku ano limene lili ndi nyumba zogona alendo ku Chambe, Lichenya, Thuchila, Chinzama, Madzeka ndi Sombani. Nthawi imeneyo kunalibe ngakhale imodzi. Msewu wa galimoto kunalibe, ngakhale linga la Fort Lister, limene mabwinja ake ali pakati pa Mulanje ndi Michesi, linali lisanamangidwe, poti linamangidwa mu 1893 pofuna kutseka njira imene ogula akapolo ankadzera popita kunyanja yamchere. Aliyense wokwera phiri ankanyamula zonse zofunika pa moyo wake, n'kugona pamene dzuwa lamulowera, bola pakhale madzi ndi nkhuni. Katundu wa azungu pa maulendo otere ankasenzedwa pamutu ndi amtengatenga.

Ntchito yake kumwambako inali yofuna kudekha. Wotolera zomera amathyola nthambi yokhala ndi masamba ndi maluwa kapena zipatso, amaiyala pakati pa mapepala, amapanikiza ndi matabwa, kenako amasintha mapepalawo pafupipafupi mpaka chomeracho chiume osavunda. Amalembanso malo amene wachipeza. Tangoganizani kuchita zimenezo mu nkhungu ya m'phiri muja, imene ikatsika suona ngakhale mnzako ali pafupi. Paja akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa zonse zimene anaona, chimene chinamugwira mtima kwambiri ndi mkunguza. Anapeza nkhalango zake m'zigwa ndi m'makwalala a pamwamba pa phiri, mitengo yowongoka, ina yotalika kupitirira mamita 40. Koma anaonanso chinthu china chimene chinamudandaulitsa: moto wolusa wa chaka ndi chaka unali kuwononga mitengoyo, ndipo analemba kuti ikufunika kutetezedwa. Zindikirani, anzanga, kuti umu munali mu 1891, agogo a agogo athu ali ana kapena asanabadwe n'komwe.

Zomera zimene anatolera anazitumiza ku London. Kumeneko akatswiri anapeza kuti zambiri zinali zisanalembedwepo m'mabuku a sayansi. M'chaka cha 1894 katswiri wina dzina lake Alfred Rendle analemba za mkunguza n'kuupatsa dzina lokumbukira amene anautumiza. Umu ndi mmene dzina la Whyte linakakamirira pa mtengo wathu. Palinso mbalame ndi tinyama tina timene timadziwika ndi dzina lake.

Sanakhale pansi. Mu 1896 anayenda ulendo wautali kumpoto, ku Nyika ndi ku mapiri a Misuku, akugonabe m'misasa. Mu 1898 anapita ku Uganda, kumene anayambitsa munda wa zomera wa ku Entebbe m'mphepete mwa nyanja ya Victoria. Pambuyo pake anagwirako ntchito ku dziko limene lero ndi Kenya, n'kukafikanso ku Liberia ali pafupi kukwanitsa zaka 70. Anamwalira ku England m'chaka cha 1908, ali ndi zaka 74.

Mbiri yake ikuthera pamenepo, koma ya mtengo uja inapitirira, ndipo si yokoma. Mkunguza utadziwika kuti thabwa lake ndi lonunkhira komanso losafumbwa, boma la atsamunda linayamba kuucheka kuti lizimangira nyumba. Mu 1927 phiri linalengezedwa kukhala nkhalango yotetezedwa, ndipo mu 1984 mkunguza unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko la Malawi, koma macheka sanaleke kulira. Apa ndinene zoona ngakhale zikundichititsa manyazi pang'ono. Agogo anga, eni bokosi lija, anali ocheka matabwa m'phirimo. Ankatsika nawo pamutu, opanda nsapato, ndipo ndalama zake ndi zimene zinaphunzitsa amayi anga mpaka Sitandade 8. Sindingawatukwane. Komabe mu 2017 akatswiri atayendera phiri lonse kuwerenga mikunguza ikuluikulu yotsala, anapeza 7 yokha. Isanu ndi iwiri basi, phiri lonse lija!

Nditamva zimenezi ndinawaumiriza amalume anga, amene amanyamula katundu wa alendo okwera phiri, kuti tsiku lina anditenge. Poyamba ankangoseka, ati miyendo yanga ndi yoyendera pa chigwa. Koma pa tchuthi cha Ogasiti anapeza alendo awiri, anawapempha kuti nditsagane nawo, ndipo anavomera.

Tinanyamuka m'mamawa kuchokera ku Fort Lister. Musaganize kuti munthu umangolowa m'phiri ngati ukupita kudimba ayi. Alendo amayamba alembetsa ku ofesi ya zankhalango, amalipira, ndipo amayenda ndi wowalondolera njira. Ine m'chikwama changa cha kusukulu munali ufa, matemba a ku Chilwa, mchere, machesi okulunga mu pulasitiki, bulangete ndi juzi ya amayi. Amalume anasenza chikwama cha alendo chachitali ngati mwana wa Sitandade 1, kapoto kathu atakamangirira pamwamba.

Chitunda chake, aise, si chamasewera. Tisanafike n'komwe pakati, mawondo anga anayamba kunjenjemera, ndipo ndinkangoona zidendene za amalume zikundisiya. Iwo amayenda pang'onopang'ono koma osaima, ndipo anandilangiza kuti ndichite chimodzimodzi. Panjira anandionetsa madzi oyenera kumwa, a pamwala othamanga, osati odikha. Anandikumbutsanso mwambo umene tonse tinaumva kwa agogo, wakuti ukapeza chakudya m'phiri umadya wekha osaitana mnzako, ndipo suyankhula zachipongwe chifukwa phiri lili ndi eni ake. Nthawi yonseyo ndinkangoganiza za mkulu wa zaka 57 uja. Ine wa zaka 15 ndinkapuma ngati galu wothamangitsa kalulu.

Masana tinafika ku Sombani, pamtunda wopitirira mamita 2,000. Alendo anakhoma tenti yawo pafupi ndi nyumba yogona ija. Ife tinaphika nsima ndi alonda, n'kugona pansi pafupi ndi moto. Kuzizira kwa kumeneko sindinakuonepo chibadwire. Ndinavala juzi, ndinafunda bulangete mpaka kumutu, koma mano ankangogundana. Pakati pa usiku ndinatuluka panja, ndipo nyenyezi zinali pafupi ngati ungazithyole. Kunalibe wailesi, kunalibe galu wouwa, koma mphepo ndi madzi basi. Ndinachita mantha, komanso sindinafune kulowa msanga.

M'mawa amalume ananditengera ku chigwa china. Zitsa. Zitsa zokhazokha, zina zazikulu zoti anthu atatu n'kukhalapo bwinobwino. Ndinakanda chimodzi ndi mwala, ndipo fungo limene linatuluka linali lomwe lija la bokosi la kunyumba. Sindinayankhule kanthu. Kutsidya kwake udzu unali wakuda bii, moto wa osaka nyama utangodutsa kumene. Moto womwe uja anaudandaula Whyte zaka zoposa 130 zapitazo ukuyakabe.

Koma anandionetsanso mbande. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, pamodzi ndi a zankhalango ndi anthu a m'midzi yozungulira phiri amene amafesa mbewu m'manazale, adzala mbande za mkunguza zoposa 500,000. Zimene ndinaona ine zinali zondifika m'chiuno, zobiriwira, atazilambulira m'mbali kuti moto usafike. Mkunguza umakula mochedwa kwambiri. Amene adzaone mbande zimenezo zitafika msinkhu wa mitengo imene Whyte anaipeza si ife, mwina adzukulu a adzukulu athu. Ndipo ndodo imodzi ya machesi ikhoza kuzimaliza masana amodzi.

Potsika ndinali ndi maganizo awiri, ndipo ndidakali nawo. Oyamba ndi akuti Whyte sanatulukire mkunguza. Anthu a m'tsinde mwa phiri ankaudziwa kale, anali ndi dzina lake, ankadziwa njira ndi mapanga obisalamo mvula. Popanda iwo mlendo sakanafika kumwambako, ngakhale tenti yake sikanakwera yokha. Ndikamaona amalume atawerama ndi chikwama cha mlendo, ndimaona anthu amene anasenza mapepala ndi matabwa a Whyte. Dzina limene linalowa m'buku la Bayoloje ndi la mmodzi, koma mapazi amene anaponda njira ija anali ambiri.

Achiwiri ndi akuti, ngakhale zili choncho, mkuluyu ndimamupatsa ulemu. Anabwera ndi boma limene linatilanda dziko, zimenezo n'zoona ndipo timaziphunzira m'kalasi. Koma iye anakwera, anagona pozizira, anayang'anitsitsa, analemba zimene anaona, n'kuchenjeza za moto nthawi idakalipo. Paja amati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Nanga ife eni phiri? Ndinafunsa m'kalasi mwathu kuti ndani anakwerako pamwamba, ndipo anakweza mkono ndi awiri okha, atsikana amene amakatola nkhuni cha m'munsi. Tikudziwa kuti nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002 chifukwa zimabwera pa mayeso, koma mtengo wa fuko lathu ambiri sitinauonepo uli chilili. Timaudziwa uli bokosi, uli chitseko, uli kachidole kogulitsa alendo pa msewu.

Ife a ku Phalombe sitifunika kuuzidwa kuti za m'phiri zimatsikira kumudzi. Makolo athu amakumbukira napolo wa mu Malichi 1991, ndipo ifeyo tinaona ndi maso athu zimene namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023. Mvula yotere palibe angailetse, koma phiri lometedwa mpala silisunga madzi ngakhale dothi.

Ndiye pempho langa ndi ili. Ife a kalabu ya zachilengedwe tiwapemphe aphunzitsi otiyang'anira kuti atikonzere ulendo wokagona ku Sombani usiku umodzi mvula isanayambe. Sizifuna nsapato zodula ayi, ine ndinapita ndi zomwe ndimavala kusukulu. Chofunika ndi chilolezo cha makolo ndi cha a zankhalango, wotilondolera njira, ufa, ndiwo, ndi chofunda chochindikala. Moto tikasonkha pamalo ake n'kuuzimitsa ndi madzi tisanachoke, zinyalala tikabwera nazo. Aliyense atenge kope ndi pensulo, akalembe zomera zimene waona ndi mayina ake a kwathu kuno, amene amalume ndi anzawo amawadziwa pamtima. Pa tsamba loyamba tikalembe mayina a amene atisenzera katundu ndi kutionetsa njira.

Amene mukufuna, mundipeze pa nthawi yopuma pansi pa mtengo wa mango wa kuseri kwa Fomu 2. Bulangete muyambiretu kupempha kunyumba.

Wophunzira wa Fomu 2