Victoire Rasoamanarivo, mai amene anasunga Eklezia pamene ansembe anacotsedwa

Kutsidya kwa nyanja yamcere, kum'mawa kwa dziko lathu, kuli cisumbu cacikuru ca Madagascar. Kumeneko, mu mzinda wa Antananarivo, kunabadwa m'caka ca 1848 mwana wamkazi dzina lace Rasoamanarivo, mdzukulu wa Rainiharo amene anali nduna yaikuru ya mfumukazi. Anaphunzira kwa amai asisiteri a Yosefe Woyera a ku Cluny, nabatizidwa pa 1 Novembro 1863, nalandira dzina la Victoire. Caka cotsatira anamkwatitsa kwa msuweni wace Radriaka, mwana wa Rainilaiarivony, amenenso anakhala nduna yaikuru.

Ukwati umenewo unali mtanda wolemera. Radriaka anali munthu wa mowa ndi wa akazi, kotero kuti abale eni ace anauza Victoire kuti amsiye. Koma iye anakana, pokumbukira kuti analumbira pamaso pa Mulungu. Kunyumba yacifumu nakonso sanampatse mtendere, cifukwa kuyambira 1869 mfumukazi Ranavalona II ndi nduna zace anali Aprotestanti, ndipo anafuna kuti iyenso awatsate.

Nthawi yoyesedwa kwenikweni inafika m'caka ca 1883. Nkhondo itabuka pakati pa França ndi Madagascar, amisiyoni onse Acikatolika anapitikitsidwa kumapeto kwa Maio. Mu mzinda ndi m'midzi yozungulira simunatsale wansembe ngakhale mmodzi. Lamulungu loyamba, akristu anapeza alonda ataima pa makomo a nyumba za mapemphero. Victoire anapita yekha kukadandaula kwa akuru a boma, ndipo makomo anatsegulidwa.

Komatu kutsegula khomo ndi nchito ya tsiku limodzi. Cobvuta cinali kusunga mpingo zaka zitatu popanda Misa. Apa akristu anagawana katundu. Anasankha Mbale Raphaël Rafiringa wa cipani ca La Salle, mbadwa ya konko, kuti awatsogolere. Anyamata a bungwe la Union Catholique anagawana midzi, namayenda ulendo kukatsogolera mapemphero a Lamulungu, kuphunzitsa katekisimu, kuyang'anira masukulu, kubatiza ndi kuika maliro. Pobwerako ankakumana ndi kufotokoza zimene anaona. Victoire analibe udindo uli wonse mu Eklezia. Anapereka cimene anali naco: cuma cace, miyendo yace, ndi dzina la banja lace limene akuru a boma sakanatha kulinyoza. Pamene mphunzitsi aopsezedwa kumudzi, iye ndiye ankakamlankhulira. Pamene akristu ayambana okhaokha (pakuti nkhosa zopanda mbusa sizicedwa kugundana nyanga), iye ndiye ankawayanjanitsa.

Ife a ku Moçambique nkhani iyi sitiimva ngati yacilendo. Mamisiyoni atalandidwa pambuyo pa 1975, msonkhano wa ku Beira wa 1977 unaika mtima pa miphakati, momwe wina awerenga Mau, wina aphunzitsa, wina aceza kwa odwala, wina asunga thumba. Akuru athu amene anapemphera pansi pa mitengo m'zaka za nkhondo adziwa kulemera kwace kwa nchito zimene ena amaziyesa zazing'ono.

Amisiyoni pobwerera mu 1886 anapeza mpingo uli wamoyo, ndi masukulu akuphunzitsabe. Victoire anabwezera zonse m'manja mwao mosanyinyirika. M'caka ca 1888 Radriaka anabvulala koopsa atagwa, napempha ubatizo. Popeza wansembe sanali pafupi, mkazi wace yemweyo, amene anamsautsa zaka 24, ndiye anamthira madzi. Masiku ace otsala anawatha poceza kwa akhate, akaidi ndi amphawi, kufikira anamwalira pa 21 Agosto 1894. Papa João Paulo II anamlemba m'gulu la Odala ku Antananarivo m'caka ca 1989, ndipo Mbale Rafiringa anamtsata mu 2009.